Script ikutsegula chikalata pa laputopu, pa seva ikubweza None: vuto lili pati?

Funso lachokera kwa achimwene ena amene amagwira ntchito ya mapepala mu ofesi ya transporter wina ku Rosettenville, mwa aja onyamula katundu wa anthu kuchoka kuno ku Joni kupita ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Alemba motere: "Ndinalemba script ya Python yotenga ma invoice ndi mindandanda ya katundu ya Word ndi Excel n'kuisandutsa PDF kudzera mu LibreOffice, kuti madalaivala azinyamuka ndi mapepala osindikiziratu popita ku Beitbridge. Pa laputopu yanga imayenda bwino. Titaiika pa kompyuta ya Ubuntu ya muofesi kuti cron iziidzutsa usiku, loadComponentFromURL nthawi zina ikubweza None, nthawi zina ikuti Unsupported URL, type detection failed. Mafayilo ake ndi omwewo, ndipo ndikawatsegula ndi manja amatseguka. Ndalakwitsa pati?"

Achimwene, mwachita bwino kukopera mawu a error momwe analembedwera, chifukwa None ndi type detection failed ndi matenda awiri, ngakhale amakonda kugwira munthu mmodzi. Tisanawalekanitse, pali chinthu chimodzi chimene chimasokeretsa pafupifupi aliyense woyamba ntchito imeneyi. Script yanu sitsegula fayilo. Siikhudza n'komwe. Wotsegula ndi soffice, kutanthauza LibreOffice yeniyeniyo, pulogalamu ina yoima payokha, yokhala ndi user wake, foda yake ndi maso ake. Script imangoitumizira adiresi kudzera pa socket n'kudikira yankho.

Ntchito yanu yomweyo ikuthandizani kumvetsa. Munthu wa ku Turffontein amabwera ndi katoni atalembapo kuti "kwa mayi ake, nyumba ya kuseri kwa chigayo". Kwa iye adiresi yakwana, poti akatsinzina akuiona nyumbayo. Koma mnyamata wokatula katundu ku Ndirande sanakulire kumeneko, ndipo zigayo zilipo zambirimbiri. Akabwerera nayo katoniyo, simunganene kuti katoni ndi yoipa. Mukamati "ndikawatsegula ndi manja amatseguka" muli ngati wotumiza uja: wotsegula ndinu, masana, mutalowa ndi dzina lanu, ndipo pa sikirini pali munthu woyankha mafunso. Usiku wotsegula ndi wina. Tifufuze kuti iyeyo ndi ndani, waima pati, ndipo akuona chiyani.

Mwina munadabwapo kuti bwanji mayina ambiri mu code yanu amayamba ndi com.sun.star. Ndi cholowa. Pulogalamu ya ofesiyi inayamba ngati StarOffice ya kampani ya Star Division ya ku Germany, Sun Microsystems inaigula mu 1999 n'kutulutsamo OpenOffice.org, ndipo mu 2010, Oracle itagula Sun, ena mwa oipanga anapatuka n'kuyambitsa LibreOffice pansi pa The Document Foundation. Khomo limene script yanu ikudzera, lotchedwa UNO, ndi la nthawi ya Sun yomweyo, ndipo linamangidwa kuti pulogalamu yakunja izitha kulamula ofesiyo ngakhale ili pa kompyuta ina. N'chifukwa chake silifuna njira ya fayilo wamba koma URL.

Ine ndikakumana ndi vuto ngati lanuli, ndimayamba ndachotsa Python panjira. Lowani pa seva ija, mukhale user amene cron, pulogalamu ija yoyendetsa ntchito pa nthawi yoikika, imagwiritsa ntchito, n'kulamula soffice mwachindunji pa fayilo imodzi mwa zokanikazo. Tinene kuti user wake ndi ofesi:

sudo -H -u ofesi soffice --headless --convert-to pdf --outdir /home/ofesi/mayeso /njira/yonse/ya/fayilo.xlsx

Ikayankha kuti Error: source file could not be loaded, code yanu ilibe mlandu, vuto lili pakati pa soffice ndi fayiloyo. Ikatulutsa PDF bwinobwino, ndiye kuti cholakwika chili mu URL imene script ikupanga, kapena m'zimene ikupereka limodzi ndi URL-yo, kapena m'kusiyana kwa masana ndi usiku. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma imakuchotserani theka la okayikiridwa.

Tiyambe ndi type detection failed. Mawuwa ndi osokeretsa, chifukwa amamveka ngati akunena kuti fayilo ndi ya mtundu wachilendo. LibreOffice sikhulupirira mchira wa dzina wokha, .docx kapena .xlsx, imasuzumira mkati mwa fayilo n'kufunafuna filter yoimva, kachidutswa kowerenga mtundu umenewo wa fayilo. Ikalephera kusuzumirako pa chifukwa chilichonse, uthenga wake ndi womwewu. Ndiye kuti fayilo ikasowa pamalo pamene yalozeredwa, kapena user alibe chilolezo choiwerenga, kapena filter yake sinaikidwe, mumalandira mawu amodzimodzi. Mwa zimene ndakumana nazo, kawirikawiri tanthauzo lake ndi lakuti "sindinaipeze", osati "sindikuimva".

Chosavuta kuchotsa ndi cha filter. Yang'anani ngati okanikawo onse ali a Excel. Pa Ubuntu, LibreOffice imabwera m'zidutswa, ndipo munthu woika seva mofulumira amatha kungoika libreoffice-writer. Word idzayenda, Excel ayi, mpaka muike libreoffice-calc. Lamulo la dpkg -l | grep libreoffice likuuzani zimene zilipo. Muli pomwepo onetsetsani kuti import uno ikuchokera ku python3-uno ya apt. Pa pip pali phukusi lina lotchedwa uno lomwe silikhudzana ndi LibreOffice n'komwe, ndipo lapusitsa anthu ambiri.

Chachiwiri ndi URL, ndipo apa ndi pamene ndikukukayikirani kwambiri. Ambirife timalemba "file://" n'kuphatikizapo njira ya fayilo, ndipo zimayenda mpaka tsiku limene dzina lachilendo lifika. Inu muli pa ntchito ya ma invoice, ndiye ndikudziwa kuti m'foda yanu muli mayina ngati Invoice #214.docx. Mu URL, chizindikiro cha # chimatanthauza kuti dzina la fayilo lathera apa, zotsatirazo ndi malo a mkati mwa chikalata. Motero soffice ikufunafuna fayilo yotchedwa "Invoice " yomwe kulibe. Chizindikirocho chimayenera kulembedwa %23, mpata %20, ndipo chizindikiro cha % nachonso, monga m'dzina lakuti 50% deposit, chimafuna kusinthidwa. Wina akalemba Malaŵi ndi ŵ wake uja, mu URL amakhala %C5%B5. Musavutike kusintha zimenezi ndi manja, UNO ili ndi chida chake:

url = uno.systemPathToFileUrl(os.path.abspath(njira))

abspath ili pamenepo dala. Pa laputopu mumayendetsa script muli m'foda yake, ndiye katundu/invoice.docx imapezeka. Cron imayambira m'foda ya kunyumba ya user, ndipo njira yodukayo imaloza kuthengo.

Cron imasiyananso nanu pa zina. Siwerenga .bashrc yanu, ndipo PATH yake ndi yaifupi. Kuti muone dziko mmene iyo imalionera, ikani kamzere kakanthawi mu crontab koti env > /home/ofesi/env-ya-cron.txt, dikirani kadutse kamodzi, muwerenge. Yang'anani HOME, PATH ndi LANG. LANG ikasowa kapena ikakhala C yokha, mayina okhala ndi zilembo ngati ŵ, kapena za Chipwitikizi zija za ma agent a ku Tete, amatha kukanika pomwe ena onse akuyenda. Ikani LANG=en_ZA.UTF-8, kapena C.UTF-8, pamwamba pa crontab.

Ndiyeno funso limene simunandiuze: mafayilowo amakhala kuti? M'maofesi ang'onoang'ono ambiri amene ndalowamo, kuyambira ku Fordsburg mpaka ku Kempton Park, mapepala amakhala pa kompyuta ya Windows ya pa kauntala, ndipo ya Ubuntu imawafikira kudzera m'foda yogawana. Ngati fodayo munailumikiza podina mu Files, imakhala pansi pa /run/user/1000/gvfs, malo amene amaoneka kwa user mmodzi yekhayo, ndiponso pokhapokha atalowa pa sikirini n'kuilumikiza. Magetsi akathima kompyuta n'kudziyatsanso, fodayo kulibe mpaka munthu abwere m'mawa. Izi zokha zikhoza kufotokoza chifukwa chake usiku wina zimayenda, usiku wina ayi. Mankhwala ake ndi kuika cifs-utils n'kuilumikiza mu /etc/fstab, pamalo okhazikika ngati /mnt/katundu. Komanso kompyuta ya pa kauntala ija isamazimitsidwe poweruka, zomwe zimamveka zachibwana koma ndinaziona ndi maso anga. Pa Windows nkhani ndi yomweyi: drive ya Z: ndi ya munthu amene anailumikiza, ndipo ntchito yoyenda yokha usiku siiona, imafuna dzina lonse la seva ndi foda.

Onaninso ngati LibreOffice yanu inachokera ku snap, njira ina yoikira mapulogalamu pa Ubuntu, ndi lamulo la snap list. Ya snap imakhala mu mpanda: ili ndi /tmp yakeyake yosiyana ndi imene script yanu ikulembamo, ndipo /mnt ndi /media siiona ngati sinapatsidwe chilolezo. Script imalemba /tmp/invoice.docx, imaiona kuti ilipo, imatumiza URL yolondola, koma soffice ikayang'ana mu /tmp yake mulibe kanthu. Pa seva ndimasankha ya apt, kapena mafayilo a deb a The Document Foundation, kuti mipanda ichepe.

Tsopano None, amene ndi wochenjera kuposa mnzake uja chifukwa salankhula. Ganizirani zimene zimachitika mukatsegula fayilo ndi manja. Nthawi zina pamatuluka kabokosi: lembani password, fayiloyi yatsegulidwa ndi wina, nditsegule yongowerenga?; fayiloyi yawonongeka, ndiikonze? Mumadina n'kupitirira, mwina osazindikira n'komwe kuti mwafunsidwa kanthu, chifukwa dzanja linazolowera. Mukatsegula ndi Hidden kapena headless, kutanthauza osaonetsa kanthu pa sikirini, mafunsowo sachoka, chimene chimachoka ndi munthu wowayankha. LibreOffice imadziyankha yokha mwakachetechete, ndipo pa mafunso ambiri yankho lake ndi lakuti tisiye. Zikatero loadComponentFromURL imatha kubwerera chimanjamanja popanda exception, n'kukupatsani None. Ndiye mukaona None, dzifunseni kuti ndi funso liti limene linafunsidwa mumdima. Njira yachidule yodziwira ndi kuyatsa soffice pa sikirini popanda --headless, kuchotsa Hidden mu script, n'kuiyendetsa mukuyang'ana. Kabokosi katuluka pamaso panu.

Wodziwika kwambiri ndi password. Ma clearing agent ena amatseka mafayilo awo a Excel asanatumize, ndipo inu munaiika password m'mutu kalekale. Script iyenera kuipereka kudzera mu PropertyValue, malangizo otumizidwa limodzi ndi URL, yotchedwa Password. Kuti mudziwe yotsekedwa musanaitsegule, gwiritsani ntchito lamulo la file. Docx ndi xlsx zabwinobwino ndi zip chabe, zimayamba ndi zilembo PK, ndipo unzip -t ikuuzani ngati zili zathunthu. Zotsekedwa ndi password zimayamba ndi D0 CF 11 E0 ngati .doc ndi .xls zakale, ndipo file imazitchula kuti CDFV2 Encrypted. Lamulo la unzip -t lija limagwiranso fayilo yofika theka, monga ija yotsitsidwa pa WhatsApp data itathera panjira, kapena ija imene script inaigwira isanathe kukopedwa pa netiweki.

Wachiwiri ndi loko. LibreOffice ikatsegula fayilo kuti isinthidwe, imasiya pambali pake kafayilo kobisika kotchedwa .~lock.dzina.docx# ndipo imakachotsa potseka. Magetsi akathima fayilo ili chitsegukire, kamatsala. Amene tinali kuno mu 2023, pamene load shedding inkafika stage 6 kawirikawiri, timafayilo timeneti tinkatisesa ngati masamba a m'chilimwe. Tioneni ndi ls -a, ndipo musanakafufute kawerengeni ndi cat, chifukwa mkati mwake muli dzina la user, dzina la kompyuta, tsiku ndi nthawi. Mukaona kuti ndi ka sabata yatha, n'kakufa. Mukaona kuti ndi ka lero ndipo kompyutayo ndi ya mnzanu wa pa kauntala, mufunseni kaye. Loko wotere sikuti nthawi zonse amaletsa kutsegula. Kawirikawiri chikalata chimatseguka ngati chongowerenga, script n'kudzagwa mtsogolo pa store, lamulo losunga chikalata, inu n'kumafufuza malo olakwika.

Word nayo ili ndi loko wake, ndipo ameneyu anandichititsa manyazi ine mwini. Ndinalembera script bungwe lina la maliro la anthu akwathu, mwa aja osonkherana kuti wina akatisiya thupi likagone kumudzi. Ntchito yake inali kusandutsa malisiti ndi makalata kukhala PDF. Masiku ena inkadandaula ndi fayilo imodzi, masiku ena ayi. Mu log ndinkaona lisiti.docx, ndipo ndinatha madzulo awiri ndikufunsa msungichuma kuti fayilo yotchedwa lisiti anaiika kuti, iye n'kumalumbira kuti sanapangepo fayilo ya dzina limenelo. Ankanena zoona. Word ikatsegula Malisiti.docx imapanga kafayilo kake pochotsa zilembo ziwiri zoyamba n'kuikapo ~$, ndiye kamakhala ~$lisiti.docx. Maso anga ankangodumpha tizizindikiro tiwiri takutsogoloto. Kafayiloko sikayamba ndi kadontho, choncho pa Linux kufunafuna *.docx kumakatola ngati chikalata chenicheni, pomwe mkati mwake muli dzina la wotsegula basi. Kankapezeka masiku okhawo amene bamboyo wasiya Word yotsegula. Ndinapepesa ndi botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo kuyambira pamenepo script yanga iliyonse imalumpha dzina loyamba ndi ~$. Yang'anani log yanu ndi maso amene ine ndinalibe.

Ngati pali ma CSV, nawonso ndi funso lobisika, chifukwa ndi manja pamatuluka bokosi lofunsa cholekanitsa. Mu script perekani FilterName ya "Text - txt - csv (StarCalc)" ndi FilterOptions. Zitsanzo zambiri zimalemba "44,34,76,1", kutanthauza comma, quote, UTF-8 ndi kuyambira mzere woyamba. Koma kuno ku South Africa ndalama zimalembedwa R1 250,50, comma ndiye decimal, motero Excel ya pa makompyuta ambiri a kuno imalekanitsa ndi semicolon. Pamenepo 44 asinthidwe akhale 59. Mukapanda kutero fayilo itseguka ndithu, koma mitengo idzaduka pakati, ndipo zimenezo ndi zoipa kuposa None, poti zimafika pa boda wina asanazione.

Pali chinthu china chimene sichikhudza fayilo konse koma chimabala zizindikiro zofanana: profile. Soffice iliyonse imasunga makonda ake mu ~/.config/libreoffice/4, ndipo 4 ameneyo sanasinthe chiyambire version 4.0 ya mu 2013. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mukayatsa soffice yachiwiri pa profile imene ina ikuigwiritsa kale ntchito, yachiwiriyo siima payokha. Imapereka uthenga kwa yoyambayo n'kudzitsekera pomwepo. Ndiye ngati mlembi anasiya LibreOffice yotsegula pa kompyuta ya Ubuntu ija, kapena soffice ya dzulo sinafe, amene akukutumikirani ndi wakaleyo, ndi LANG yake, ndi zikalata zake zimene sanatseke. Choipa china n'chakuti script yanu ikamaliza n'kunena terminate, ikhoza kutseka ntchito ya mlembi uja. Ipatseni khola lake:

soffice --headless --norestore -env:UserInstallation=file:///home/ofesi/lo-usiku --accept="socket,host=localhost,port=2002;urp;"

Ubwino wa profile yapadera ndi wakuti mulibe chamtengo. Ikawonongeka magetsi atathima, ingoifufutani, ipangidwanso. Fodayo ikhale pamalo pamene user wa cron angalembepo, apo ayi soffice imafa isanadzuke. Ndipo --norestore imaletsa bokosi lija lofunsa ngati mukufuna kubwezeretsa zikalata za ulendo watha. Chenjezo limodzi pa host: pasakhale 0.0.0.0. Khomo la UNO lilibe password, ndipo aliyense wofika pa port imeneyo atha kuwerenga mafayilo ndi kuyendetsa malamulo pa kompyutayo. M'nyumba za maofesi momwe Wi-Fi imagawidwa ndi a saluni ndi a shopu ya mafoni, zimenezo si zoseweretsa.

Mukayatsa soffice kuchokera mu script, musailumikize nthawi yomweyo. Imafuna masekondi angapo kuti idzuke, ndipo ulendo woyamba pa profile yatsopano imachedwa kwambiri. Mukafulumira mulandira NoConnectException. Ambiri amangoikapo time.sleep ya masekondi 5, yomwe imakwana pa laputopu koma n'kuperewera pa seva yokalamba imene yangodzuka kumene. Kuona maso a nkhono n'kudekha: yesani resolve, lamulo lolumikizira soffice, ikakana dikirani theka la sekondi, yesaninso, mpaka mphindi yathunthu, ndipo pokhapo mugonje ndi uthenga womveka.

Za PropertyValue ndinenapo ziwiri zokha, zonse zazing'ono koma zoluma. Mayina ake amasamala zilembo zazikulu: Hidden, ReadOnly, FilterName. Mukalemba hidden, palibe amene adzadandaule, ingonyalanyazidwa. Chinacho ndi cha Python: ngati mukupereka property imodzi yokha, (p) si tuple, pamafunika comma, (p,). Popeza yanu imayenda pa laputopu, apa mwina munadutsa kale.

Ndikanakhala ine, script yonseyo ndikanaikonza motere. Fayilo iliyonse ndiyambe ndaikopera ndi Python m'foda yanga yogwirira ntchito pa seva pomwepo, n'kuipatsa dzina losavuta ngati ntchito-001.docx. Kukopera kumeneku kumathetsa zinthu zambiri nthawi imodzi. Fayilo ikasowa kapena chilolezo chikapanda, Python inena momveka, ndi dzina la fayiloyo, m'malo mwa type detection failed. Zizindikiro za # ndi % ndi ŵ sizifikanso kwa soffice. Loko watsala m'foda yakale. Ndipo chikalata chenicheni cha abwana sichikhudzidwa. Kenako ndikutsegula kopeyo ndi Hidden, ReadOnly, MacroExecutionMode ya 0 kuti ma macro a m'mafayilo a anthu ena asayende, ndi UpdateDocMode ya 0 kuti spreadsheet isayambe kufunafuna mafayilo ena amene inalumikizidwa nawo pa kompyuta ya mwini wake. Mzere wotsatira ukhale woyesa ngati doc ndi None, ndipo ngati ndi choncho mulembe mu log dzina lenileni, kukula kwa fayilo, ndi URL yeniyeni imene inatumizidwa. Ndikubwereza za URL yo: lembani imene inatumizidwa, osati imene mukuganiza kuti inatumizidwa.

Potulutsa PDF gwiritsani ntchito storeToURL, ndi writer_pdf_Export pa za Word, calc_pdf_Export pa za Excel. Kenako doc.close(True) ikhale mu finally, kuti chikalata chitsekedwe ngakhale pagwe vuto. Zikalata zobisika zosatsekedwa zimaunjikana, memory n'kudzaza, mpaka soffice imagwa, ndipo inu mumaona DisposedException ndi mawu oti Binary URP bridge disposed during call. Mawu amenewo akutanthauza kuti wa tsidya lina wafa muli pakati polankhulana. Chochita ndi kumudzutsanso n'kupitiriza ndi fayilo yotsatira, koma yomugwetsayo muiike pambali kuti isamugwetsenso. Ikaninso malire a nthawi, chifukwa fayilo ina siigwetsa soffice koma imangoiumitsa, cron ya mawa n'kudzaipeza idakali pomwepo. Ndipo musayese kufulumizitsa potumiza mafayilo ambiri nthawi imodzi kwa soffice mmodzi. Mkati mwake ntchito zambiri zimaima pa mzere kudikira loko mmodzi, ndiye phindu lake ndi lochepa koma ngozi yake ndi yaikulu. Mukafunadi liwiro, yatsani awiri, aliyense ndi port yake ndi profile yake. Koma pa mapepala a malole ochepa usiku umodzi, mmodzi ndi wokwanira.

Mungafunse kuti nanga bwanji osangogwiritsa ntchito --convert-to ija ndinayesera poyamba, n'kuiwala za UNO. Ngati script yanu ikungosandutsa PDF osasintha kanthu mkati, ndi zimene ndingachite, achimwene. Socket kulibe, kudikira kulumikizana kulibe, soffice imadzuka, kugwira ntchito n'kufa, ndipo subprocess.run ili ndi timeout yake kale. Ingokumbukirani kuyang'ana ngati PDF yatulukadi, musadalire exit code yokha. UNO ndi yofunika mukafuna kulowa m'chikalata, monga kulemba nambala ya lole ndi tsiku, kuwerenga ma cell, kapena kupereka password.

Pa nkhani yanuyi, ndikanati ndibetche, ndikanaika ndalama yanga pa mayina okhala ndi # ndiponso pa foda yogawana imene imasowa usiku, pa mbali ya type detection failed. Pa mbali ya None ndikanaika pa mafayilo a ma agent otsekedwa ndi password. Mukayesa zimenezi n'kukanikabe, nditumizireni env-ya-cron.txt, URL ziwiri kapena zitatu zokanika, ndi zimene lamulo la file likunena pa mafayilowo. Zamkati mwa ma invoice musatumize, muli mayina ndi manambala a mafoni a anthu.

Zonse zikayamba kuyenda, tsegulani PDF imodzi ya pa seva muiyerekeze ndi ya pa laputopu musanapereke kwa dalaivala. Seva ilibe Calibri ndi Cambria, ndiye LibreOffice imalowetsapo zilembo zina zimene yapeza, mizere n'kutalika, ndipo invoice ya tsamba limodzi imatha kukhala ya masamba awiri, malo osainira n'kutsalira okha patsamba lachiwiri. Ikani fonts-crosextra-carlito ndi fonts-crosextra-caladea, zomwe m'lifupi mwa zilembo zake ndi mofanana ndi Calibri ndi Cambria, komanso fonts-liberation m'malo mwa Arial ndi Times New Roman, kenako muyatsenso soffice kuti izione. Pepala lotere ndi bwino kulizindikirira ku Rosettenville, pomwe printa ili pafupi, kusiyana ndi pa Mwanza lole itayenda kale masiku.